Mwana wa Papepala ndi Mwana wa M'nyumba

Mu February chaka cha 2010 akuluakulu oyendetsa mzinda wa Tokyo, likulu la dziko la Japan, adapereka kwa aphungu a mzindawo lamulo latsopano loti alikambirane. M'lamulomo mudali mau amene adautsa mapiri pachigwa, akuti hijitsuzai seishonen, ndiko kunena kuti ana amene kulibe. Olemba lamulolo ankatanthauza ana ojambulidwa ndi cholembera, amene sadabadwe mwa mayi aliyense, alibe mudzi kapena mtundu, ndipo amangopezeka m'mabuku a nthano za zithunzi ndi m'makanema a makatuni. Funso lidali lakuti: kodi nkoyenera kujambula mwana wotereyu m'machitidwe a chiwerewere ndi kugulitsa chojambulacho pamsika? Ena adati ichi nchonyansa chofunika kuletsedwa. Ena adati palibe amene walakwiridwa, popeza pepala silimva kuwawa. Mkangano umenewu sudayambe chaka chimenecho ayi, ndipo kufikira lero sudathe. Tiyeni tsono tiulondole kuchokera kumene udayambira, pakuti zojambula za ku Japan sizithera ku Japan. Zidaoloka nyanja kalekale, ndipo ana a maiko onse amazionera.

Chiyambi cha manga

Dziko la Japan lidatuluka m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'chaka cha 1945 lili bwinja lokhalokha. Mizinda idapsa, chakudya chidasowa, ndipo ana ambiri adatsala amasiye. M'masiku ovuta amenewo chimene chinkasangalatsa ana pa mtengo wochepa chidali timabuku ta nthano zosimbidwa ndi zithunzi, totchedwa manga. Amene adalibe ndalama zogulira ankabwereka m'timasitolo polipira pang'ono. Mnyamata wina wa ku dera la Osaka, dzina lake Osamu Tezuka, amene ankaphunzira za udokotala, adatchuka m'chaka cha 1947 ndi buku lake la Shin Takarajima. M'chaka cha 1952 adayamba nthano ya kamnyamata kopangidwa ndi zitsulo, kodziwika m'maiko ambiri ndi dzina loti Astro Boy, ndipo pa 1 January 1963 nthanoyi idayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema. Makanema a makatuni oterewa ndi amene amatchedwa anime.

Tezuka ankajambula anthu a maso akuluakulu ndi nkhope zobulungira, ndipo ojambula ambiri adatsata mapazi ake. Kajambulidwe kameneka kamachititsa kuti ngakhale munthu wamkulu aoneke wamng'ono. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa idzatulukiranso kutsogoloku.

Ntchitoyi idakula modabwitsa. Pofika chaka cha 1995 magazini imodzi yokha ya anyamata, Weekly Shonen Jump, inkasindikizidwa makope opitirira 6 miliyoni mlungu uliwonse. M'chaka cha 2024 malonda a manga m'dziko la Japan adakwana pafupifupi 700 biliyoni yen. Ku Japan manga amawerengedwa ndi ana, amayi, ogwira ntchito m'maofesi ngakhalenso nkhalamba, ndipo amasimba za mpira, za kuphika, za mbiri yakale, za ulimi ndi za chipembedzo. Tinene poyera pano kuti ochuluka mwa mabuku ndi makanema amenewa alibe chilema. Nthano ya Doraemon, imene idayamba mu 1969, kapena ya mpira ya Captain Tsubasa ya mu 1981, zidalera mibadwo ya ana m'maiko ambiri. Kungakhale kuchimwira mtundu wonse wa anthu titati tiuweruze chifukwa cha kachigawo kamodzi ka zojambula zake. Komabe kachigawoko kalipo, ndipo ndiko tikukamba.

Amayi ayamba kudandaula

Oyamba kukweza mau adali makolo. M'chaka cha 1955 magulu a amayi ndi mabungwe a makolo ndi aphunzitsi adayambitsa ntchito yothamangitsa mabuku oipa, ndipo m'malo ena adaunjika manga pa mabwalo a sukulu nkuwatentha. Dandaulo lao lalikulu lidali lakuti mabukuwo ngodzaza ndi ndeu ndi mfuti, ndiponso kuti amapusitsa ana. Moto wao sudasankhe: ngakhale mabuku a Tezuka adatsutsidwa nao. M'chaka cha 1964 mzinda wa Tokyo udakhazikitsa lamulo la kuleredwa bwino kwa achinyamata, lopatsa akuluakulu a mzinda mphamvu yotchula mabuku ena kuti ngosayenera kugulitsidwa kwa osakwana zaka 18. Mu 1968 wojambula wina, Go Nagai, adayamba nthano ya nthabwala zopanda ulemu zochitikira pa sukulu, yotchedwa Harenchi Gakuen, ndipo makolo adakwiyanso kwabasi.

Tikapenyetsetsa, tiona kuti m'zaka zonsezi nkhawa idali pa mwana wowerenga. Makolo ankafunsa kuti: kodi buku ili limuchita chiyani mwana wanga akaliwerenga? Funso lina lija, lakuti kodi mwana akuonetsedwa motani m'bukumo, ndipo akuonetsedwa kwa yani, lidali lisadafike.

Lamulo la dziko lonse limene lidalipo ndi gawo 175 la malamulo a milandu a m'chaka cha 1907, loletsa kufalitsa zolaula. Koma apolisi ndi oyang'anira zosindikiza ankaligwiritsa ntchito poyang'ana ngati ziwalo zina za thupi zabisidwa kapena ayi. Za msinkhu wa wojambulidwayo lamulolo silidanenepo kanthu. Motero mpanda udamangidwa mbali imodzi ya munda, mbali inayo nkutsala pululu.

Namsongole amera

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 padabuka gulu la ojambula ndi owerenga, ambiri mwa iwo amuna achikulire, amene ankakonda zojambula zoonetsa tiatsikana tating'ono monga zinthu zozilakalaka. Mtundu umenewu wa zojambula udatchedwa lolicon, dzina lochokera ku buku la Lolita limene Vladimir Nabokov adatulutsa mu 1955. Chomvetsa chisoni nchakuti buku la Nabokov limasimba za mwana amene moyo wake udaonongedwa ndi mwamuna wamkulu. Koma dzina la mwana wolakwiridwayo lidasanduka chizindikiro cha malonda.

Zojambulazi zidapeza msika wake. Mu December 1975 ku Tokyo kudayamba msonkhano wa ojambula odzisindikizira okha mabuku, wotchedwa Comic Market kapena Comiket. Tsiku loyambalo kudafika anthu pafupifupi 700. Mu December 2019 kudalowa anthu 750,000 m'masiku anayi. Zambiri zogulitsidwa kumeneko nzosiyanasiyana ndithu, ndipo amayi ojambula ndi ochuluka zedi pakati pa ogulitsa, koma kumenekonso nkumene timabuku ta lolicon tidayamba kufala. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 padali kale magazini apadera a zoterezi ogulitsidwa poyera. Dziko lidali pa liwiro la chuma, anthu ali otanganidwa ndi mafakitale a galimoto ndi mawailesi, ndipo ochepa okha ndi amene adatembenuka kuti aone chimene chinkamera kuseri kwa nkhokwe.

Ana anayi

Kuyambira mu August 1988 kufikira mu June 1989, ana aakazi anayi a zaka zapakati pa 4 ndi 7 adasowa m'chigawo cha Saitama ndi mu mzinda wa Tokyo, ndipo onse adaphedwa. Mu July 1989 apolisi adagwira mnyamata wa zaka 26, Tsutomu Miyazaki. Atolankhani atalowa m'chipinda chake adapeza matepi a kanema opitirira 5,700 ndi milu ya magazini, ndipo chithunzi cha chipindacho chidafalitsidwa m'dziko lonse. Anthu adagwidwa ndi mantha aakulu. Aliyense wokonda makatuni adayamba kuyang'anidwa ndi diso lokayikira. Pambuyo pake ena mwa amene adaona chipindacho adanena kuti matepi ambiri adali a maprogramu wamba a pa wailesi ya kanema, ndi kuti atolankhani adaika pamwamba zimene zinkagwirizana ndi nkhani imene iwo ankafuna kusimba. Miyazaki adaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo chilangocho chidachitika mu June 2008.

Imfa za anawa zidadzutsa makolo kachiwiri. M'chaka cha 1990 amayi a m'tauni ya Tanabe, m'chigawo cha Wakayama, adayamba kusonkhanitsa maina a anthu opempha boma kuti lichitepo kanthu pa manga olaula, ndipo pempholi lidafalikira m'zigawo zina. Mu February 1991 apolisi a ku Tokyo adamanga ogulitsa mabuku angapo. Osindikiza mabuku, poopa kuti boma lingawakhwimitsire malamulo, adayamba chaka chomwecho kuika chizindikiro pa chikuto cha mabuku oyenera akuluakulu okha. Naonso ojambula adakhazikitsa bungwe lao mu 1992 loteteza ufulu wa zojambula, motsogozedwa ndi wojambula wotchuka Shotaro Ishinomori. Chimene chidatsatira ndi ichi: mabukuwo sadaletsedwe, adangosamutsidwira pa alumali ina ya m'sitolo.

Maiko ena alankhula

Mu November 1989 bungwe la United Nations lidavomereza pangano la maufulu a ana, ndipo Japan adalilandira mu 1994. Mu August 1996 nthumwi za maiko oposa 100 zidakumana ku Stockholm, m'dziko la Sweden, pa msonkhano woyamba wa dziko lonse wolimbana ndi malonda a chiwerewere ogwiritsa ntchito ana. Kumeneko Japan adadzudzulidwa kolimba, osati chifukwa cha makatuni, koma chifukwa zithunzi ndi makanema a ana enieni zinkapangidwa ndi kutumizidwa kunja kuchokera m'dzikolo popanda lamulo lapadera loletsa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Aphungu achimayi a zipani zosiyana, mmodzi mwa iwo Mayumi Moriyama, adalimbikira mpaka mu May 1999 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loletsa kupanga, kugulitsa ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana osakwana zaka 18. Mu December 2001 Japan adachereza msonkhano wachiwiri wa mtundu wa ku Stockholm uja mu mzinda wa Yokohama.

Koma lamulo la 1999 lidasiya mipata iwiri. Woyamba ngwakuti munthu wongosunga zithunzi zotere m'nyumba mwake, osagulitsa, sankapalamula mlandu. Wachiwiri ngwakuti zojambula pamanja, zimene zidatchulidwako pa zokambirana zoyambirira, zidachotsedwamo. Mpata woyambawo udatenga zaka 15 kuti utsekedwe. Pa 18 June 2014 aphungu adavomereza kuti wosunga zithunzi zolaula za ana enieni alangidwe ndi ndende yosapitirira chaka chimodzi kapena chindapusa chofika 1 miliyoni yen, ndipo anthu adapatsidwa chaka chathunthu choti ataye zimene adali nazo chilango chisadayambe kugwira ntchito mu July 2015. Pakati pa maiko olemera a gulu la G7, Japan adali wotsiriza kuchita zimenezi. Mpata wachiwiri uja udatsala chitsegukire. Ngakhale ndime yongopempha boma kuti lifufuze ngati manga amakhudzana ndi milandu yolakwira ana idachotsedwa, osindikiza ndi ojambula atadandaula.

Nanga lamulo la ku Tokyo la ana amene kulibe lidatha bwanji? Bwanamkubwa wa mzindawo, Shintaro Ishihara, amene iye mwini adali mlembi wa mabuku, adalichirikiza. Ojambula odziwika, monga Tetsuya Chiba ndi Go Nagai yemwe uja, adalitsutsa poyera, ndipo mu June 2010 aphungu adalikana. Lidalembedwanso, mau a ana amene kulibe atachotsedwa, nkuvomerezedwa pa 15 December 2010. Makampani khumi akuluakulu osindikiza manga adakwiya nalengeza kuti sadzapita ku chionetsero cha anime cha mzindawo cha mu 2011, ngakhale kuti chionetserocho chidalephereka chifukwa cha chivomezi chachikulu cha pa 11 March. Komatu lamulo lonse lokanganiranalo silidaletse kujambula kanthu. Lidangoonjezera mitundu ya mabuku osayenera kugulitsidwa kwa ana. Apanso tiona kuti wotetezedwa adali mwana wowerenga, monga mu 1955.

Mu October 2015 nthumwi yapadera ya United Nations yoona za kugulitsidwa ndi kugwiriridwa kwa ana, mayi Maud de Boer-Buquicchio wa ku Netherlands, adayendera Japan napempha kuti manga oonetsa ana m'njira zonyansa kwambiri aletsedwe. Mu 2019 komiti ya United Nations ya maufulu a ana idalangiza maiko onse kuti malamulo ao akhudzenso zojambula. Boma la Japan silidagwirizane nazo. Ndipo mu July 2022 wojambula manga Ken Akamatsu, amene adalonjeza kuteteza ufulu wa ojambula, adasankhidwa kukhala phungu ndi mavoti opitirira 500,000. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkhate wa manga ngwamtengo wapatali, umadyetsa mabanja ambiri ndipo umatchukitsa dzikolo kunja. Nchifukwa chake dzanja lofuna kumenya khosweyo limanjenjemera.

Mbali ziwiri za mlandu

Mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Okana kuletsa zojambulazi sali onse okonda zonyansa ayi, ndipo zifukwa zao nzofunika kuzimva. Choyamba, amakumbukira mbiri ya dziko lao. M'chaka cha 1925 boma lidakhazikitsa lamulo loti nlosungitsa bata, limene lidagwiritsidwa ntchito pomanga alembi, aphunzitsi ndi atsogoleri a zipembedzo. Mu February 1933 mlembi Takiji Kobayashi adafera m'manja mwa apolisi a ku Tokyo atamenyedwa koopsa. Nchifukwa chake malamulo aakulu a dzikolo a mu 1947, pa gawo 21, amaletsa boma kupima zolembedwa zisadatuluke. Mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri. Chachiwiri, amafunsa kuti: kodi msinkhu wa munthu wojambulidwa audziwa ndani, poti kajambulidwe ka manga kamachititsa wamkulu kuoneka ngati mwana? Amaopa kuti wapolisi adzakhala woweruza wa luso. Chachitatu, amati palibe umboni wotsimikiza kuti zojambula zimachulukitsa milandu. Amatchula kafukufuku wa Milton Diamond ndi Ayako Uchiyama wa mu 1999, amene adapeza kuti pakati pa 1972 ndi 1995 milandu ya kugwirira yolembedwa ku polisi idachepa ku Japan pamene zolaula zinkachuluka. Chachinayi, amayi ena ojambula amati nthano zosimba za nkhanza zochitikira ana zidathandiza ambiri olakwiridwa kupeza mau onenera zimene zidawachitikira, ndipo lamulo losasamala likhoza kutseka pakamwa iwo omwe.

Ofuna kuletsa naonso ali ndi mayankho. Amati milandu yolembedwa ku polisi siisonyeza milandu yonse, popeza ana ambiri olakwiridwa amakhala chete chifukwa cha mantha ndi manyazi. Amati ogwira ntchito yoteteza ana amadziwa kuti anthu oipa amaonetsa ana zojambula zotere pofuna kuwanyengerera kuti zimenezo nzachizolowezi. Amatinso kusimba za choipa kuti anthu adane nacho nkosiyana kutalitali ndi kuchikongoletsa kuti anthu achikhumbe, ndipo munthu wanzeru zake amatha kusiyanitsa ziwirizi.

Maiko ena adasankha njira zosiyana. Ku United States bwalo lalikulu la milandu lidagamula mu 2002 kuti lamulo loletsa zithunzi za ana ongopeka lidapyola malire, koma mu 2003 padakhazikitsidwa lina loletsa zojambula zolaula za ana, ndipo mu 2010 munthu wina wa ku Iowa adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 6 chifukwa cha manga amene adaitanitsa kuchokera ku Japan. Ku England ndi Wales kusunga zojambula zotere ndi mlandu kuyambira mu April 2010. Ku Sweden bwalo lalikulu lidamasula womasulira manga wina mu June 2012, ponena kuti zojambula zake zambiri sizinkafanana ndi ana enieni. Tiona tsono kuti si Japan yekha amene funsoli lamuzunguza mutu.

Pamene ankakangana za pepala

Pali chinthu china m'mbiri imeneyi chimene sitiyenera kuchilumpha. Pamene dziko linkakangana za ana amene kulibe, ana amene alipo ankalira popanda wowamva. Kuyambira mu 1907 malamulo a dziko lonse la Japan ankati mwana wa zaka 13 akhoza kuvomera zogonana, ngakhale kuti malamulo a m'zigawo ankatchinjirizako. Msinkhuwo udakwezedwa kufika pa zaka 16 mu June 2023, patapita zaka 116. Mu November 2017 zidadziwika kuti wojambula wotchuka Nobuhiro Watsuki adapezeka ndi makanema olaula a ana enieni. Adalipitsidwa 200,000 yen, ndipo mu June 2018 nthano yake idayambanso kusindikizidwa. Ndipo Johnny Kitagawa, mwini kampani yaikulu ya anyamata oimba, adanenezedwa ndi magazini ya Shukan Bunshun mu 1999 kuti ankagwirira anyamata amene ankawaphunzitsa. Mu 2003 bwalo la milandu la ku Tokyo lidapeza kuti mfundo zazikulu za nkhaniyo zidali zoona, komabe manyuzi ambiri ndi nyumba za wailesi ya kanema adakhala duu, mpaka munthuyo adamwalira mu 2019 akulemekezedwa. Zidatengera kanema wa BBC wa mu March 2023 kuti kampaniyo ivomere mu September chaka chomwecho, ndipo anthu mazanamazana adatulukira kudzanena zimene adawachita ali ana.

Oteteza manga amati izi zikusonyeza kuti mphamvu zidatayidwa pa mapepala m'malo moteteza ana enieni. Otsutsa amati zikusonyeza kuti mtundu wa anthu ukazolowera kuona mwana ngati chinthu chosangalatsa akuluakulu, khutu lake limagontha mwana weniweni akamalira. Mbiri siidatipatse sikelo yoyezera kuti mwa awiriwa wolondola kotheratu ndani. Koma idatisonyeza poyera kuti chete wa akuluakulu ndiye adapweteka ana koposa.

Masiku ano malire a pakati pa mwana wa papepala ndi mwana wa m'nyumba akufafanizika. Makompyuta akutha kupanga zithunzi zosasiyana ndi zojambulidwa ndi kamera, ndiponso kutenga nkhope ya mwana weniweni nkuiika pa chithunzi chonyansa. Mu October 2023 bungwe la Internet Watch Foundation la ku Britain lidalengeza kuti lidapeza zithunzi zotere zikwi zingapo pamalo amodzi okha a pa intaneti. Mau aja akuti palibe wolakwiridwa akunka nachepa mphamvu.

Titolepo chiyani?

Lamulo la boma limafunsa kuti: walakwiridwa ndani, ndipo umboni uli kuti? Limayenera kufunsa motero, chifukwa kumanga munthu si chinthu chamasewera. Koma chikumbumtima chimafunsa funso lina lozama: kodi chimene ndikuyang'anachi chikundisandutsa munthu wotani? Nzoona kuti mwana wa papepala kulibe. Koma wojambulayo alipo, wogulayo alipo, ndipo chilakolako chimene chikudyetsedwa mumtima mwake nchenicheni. Munthu ameneyu akatseka buku amatuluka panja nkukumana ndi ana enieni panjira, pa sitima ndi pakhomo la mnansi wake. Maso amaphunzira monga momwe lilime limaphunzirira chakudya. Sitikunena kuti aliyense woona zoterezi adzagwira mwana. Tikunena kuti ubwana ndi chinthu chopatulika, ndipo kuusandutsa chokometsera chilakolako cha akuluakulu nkuunyoza, ngakhale wonyozedwayo akhale wopanda dzina. Munthu atajambula chithunzi chonyoza amayi onse, sitingati palibe wolakwiridwa chifukwa chakuti mayi wa pachithunzipo alibe mudzi.

Chaka chomwe Astro Boy adayamba kuoneka pa wailesi ya kanema, pa 4 December 1963, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica chonena za njira zofalitsira nkhani. Chikalatacho chidavomereza kuti kusimba za choipa kukhoza kuthandiza anthu kumvetsa mtima wa munthu, koma chidati luso nalonso lili pansi pa lamulo la makhalidwe, ndipo chidakumbutsa makolo udindo wao woyang'anira zimene zikulowa m'nyumba zao. Udindo umenewu lero ngolemera kuposa kale, popeza sitolo ya mabuku ija, ndi alumali ake onse, tsopano ili m'foni ya m'manja imene mwana amagona nayo.

Tsono ife makolo tisaganize kuti chilichonse cha makatuni ncha ana. Ku Japan komweko amadziwa kuti ena ndi a ana, ena ndi a akuluakulu, koma chizindikiro cha pachikuto chija sichioloka nao nyanja akamabwera pa intaneti. Tisachitenso monga amayi a mu 1955 amene adatentha zabwino ndi zoipa pamoto umodzi, chifukwa mwana woletsedwa zonse amakaonera kwa anzake mobisa, ndipo akakumana ndi choipa sabwera kudzatiuza. Tikhale nao pansi anawo, tifunse dzina la nthano imene akuitsata, tionereko nao, ndipo tiwaphunzitse kuti thupi lao ndi lolemekezeka, kuti munthu wamkulu wowaonetsa zithunzi zamanyazi nkuwauza kuti asaulule ndi mdani, kaya akhale mbale, mphunzitsi kapena mtsogoleri wa mpingo. Kuongola mtengo mpoyamba.

Koposa zonse, mwana akatiuza kuti wina wamuchita choipa, timumvere ndi kukanena kwa oyenera, osayamba kuwerengera ulemu wa banja kapena kutchuka kwa wolakwayo. Anyamata a kwa Kitagawa adalankhula mu 1999. Dziko lao lidawamvera mu 2023. Aphungu a ku Tokyo ndi a United Nations adzapitiriza kukangana za ana amene kulibe, ndipo mwina tsiku lina adzagwirizana. Ife tili ndi ana amene alipo, amene tikudya nao m'mbale imodzi, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.